Pampu ya Ulendo wa kwa Mandevu

"Mundimange nsalu m'maso, mundizunguze katatu, mundisiye pageti pa pulazi ija. Ndikayenda chimangire choncho mpaka kukaima kumutu kwa manda a amayi anga. Osafunsa munthu ngakhale mmodzi!"

A Eliya Mbewe ananena zimenezi ali chilili, dzanja pachifuwa, m'chipinda chawo cha lendi ku Glen View, mu Harare. Chipindacho ukatambasula manja umagunda wadilopu uku, firiji yakufa uku, ndiye kudzitama kwawo kunkachepekedwa malo.

"Khalani pansi, bambo a Kudzai, mugwetsa mbale," anatero akazi awo, a Lidia, maso ali pa tomato amene ankasankha kuti akagulitse mawa. "Nsalu m'maso! Inu amene dzana munasaka chipewa nyumba yonse chili kumutu."

"Chipewa si amayi anga."

Amene anabweretsa moto umenewu anali Kudzai, mwana wawo wamkazi, wosoka makushoni a masofa ku kompulekisi ya mipando. Anakhala pamphepete pa bedi akukanda zikhadabo. Akwawo kwa Munya, mnyamata amene ankafuna kumukwatira, anali atanena kuti pakatha masabata atatu abwera kudzakamba za roora, malowolo akuno.

"Baba, sindinanene kuti musakhalepo," anatero Kudzai m'Chichewa chake chotsamira Chishona. "Ndangoti mkulu wa kutchalitchi uja akhale kutsogolo ngati bambo aakulu. Iye ali ndi kumusha, mudzi wake ku Murehwa. Akwawo kwa Munya ndinawauza kale kuti kwathu n'kumeneko. Inu mukhale pambali, musayankhule kwambiri."

"Ndisayankhule? Pa ukwati wa mwana wanga? Ndine mpando ine?"

"Chishona chanu, baba. Mukangopereka moni adziwa."

"Adziwa chiyani?"

Kudzai anayang'ana pansi. A Lidia ndi amene anayankha.

"Adziwa kuti ndife mabwidi. Nena, mwanawe, mawu amenewo ndi akale kuposa iwe. Ana a Amalawi obadwira m'mapulazi, anthu opanda mudzi."

"Azakhali ake a Munya akuti safuna mtengwa wotoledwa pa basi sitopu," Kudzai anapitiriza motsitsa. "Akuti banja likavuta akadandaule pakhomo pa yani? Ndikafa akanditule kuti?"

"Mudzi ndili nawo!" A Eliya anamenya wadilopu, chitseko chake n'kutseguka chokha. "Kwa Mandevu, kupitirira Norton. Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi n'kukagwira ntchito pa pulazi imeneyo zaka makumi anayi. Agona pomwepo. Amayi agona pomwepo, mlongo wanga Annet pambali pawo. Mchombo wanga unakwiriridwa kuseri kwa khitchini. Ngati umenewo si mudzi, mudzi n'chiyani? Ndipita ndikalambule, ndikawauze kuti mdzukulu wawo akukwatiwa. Ndikatero azakhali akowo ndiwatenga ndikawaonetse."

"Liti?" anafunsa a Lidia.

"Ndikangopeza pampu."

A Lidia anaseka mpaka tomato mmodzi anagubuduka n'kulowa kunsi kwa bedi.

Nkhani ya pampu inali yodziwika mu laini yonse. Chichokereni pa pulazi, chaka chija mapulazi analandidwa, antchito n'kuthamangitsidwa m'makomboni, a Eliya sanabwerereko. Chaka chilichonse mvula ikatha ankati akupita, ndipo chaka chilichonse chowaletsa chinali chimodzi. Njinga anali nayo, yakuda, yolemera ngati bulu, yosiyidwa ndi bambo awo. Ndiyo inkawadyetsa, ponyamula matabwa ndi siponji kuchokera ku Willowvale kupita kwa akalipentala. Koma pampu yake yakale chikopa cha m'kati chinauma, ukapopa inkangolira ngati nkhalamba ya chifuwa. M'tauni zimenezo si kanthu, paliponse pali wokonza njinga. Koma msewu wa kwa Mandevu ndi waminga. Munthu wanzeru salowamo wopanda pampu yoyenda nayo. Tsoka lake, mapampu onse a mu Harare anali ndi chilema.

"Chaka chatha munati ndi yayitali," a Lidia anawakumbutsa. "Chinacho munati ndi yayifupi. Pamene Kudzai amalemba Fomu Folo munati ndi yofiira."

"Munthu sapita kumanda ndi chinthu chofiira."

"Kwerani kombi nanga."

"Kombi imakutula patala. Kuchoka pamenepo ndi mtunda wautali wafumbi. Ndikafike wapansi ngati wopempha ganyu? Ndinachokako pa njinga iyi, inu muli pakaliyala, Kudzai ali kumbuyo kwanu. Ndidzabwerera pa njinga yomweyi."

A Lidia sanasekenso. Anagwada n'kuyamba kufunafuna tomato uja.

Lachitatu a Eliya atatula matabwa anapalasa mpaka ku Machipisa, kwa a Custodio, mnzawo wa ku Tete amene amakonza njinga pansi pa mtengo kuseri kwa mabutchala. A Custodio atawaona anapukuta manja, osafunsa n'komwe, n'kuyala mapampu anayi pa saka.

"Mwabwera kudzanyoza katundu wanga, achimwene. Yambani."

A Eliya ananyamula yoyamba, yopopa ndi phazi. "Iyi n'kuyenda nayo? Ifunika njinga yakeyake."

Yachiwiri inali kakang'ono kolowa m'thumba la malaya. Anakazunguza pakati pa zala. "Aka ndi ka anyamata ovala makabudula othina aja. Ndikayamba kupopa Loweruka ndimaliza Lolemba."

"Iyi ili ndi wotchi," anatero a Custodio. "Imakuuzani mpweya ukakwana."

"Ndili ndi chala chachikulu ine. Chakhala chikundiuza zaka makumi asanu, sichinafunepo batire."

"Sigwira batire."

"Ndiye n'chifukwa chake sindikuikhulupirira. Komanso taonani kamwa lake. Mapampu a masiku ano amadziwa valavu ya galimoto ndi yowonda ija basi. Yanga ndi yachikale, ya kampira m'kati. Mukufuna ndikadziwe zimenezo ndili pakati pa tchire?"

A Custodio anagwedeza mutu ngati munthu amene amayembekezera mawu omwewo. Anapisa dzanja m'bokosi n'kutulutsa ina. Inali yachitsulo chopepuka, yotuwa, kutalika kwake kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala. Kapaipi kake kankabisala m'chigwiriro. Anakapotokola, n'kukamangirira pa valavu ya tayala la kumbuyo la a Eliya, lomwe anali ataliphwetsa dala. Anapopa. Tayala linadzuka mooneka ndi maso, n'kuuma gwa.

"Nayo. Si yayitali, si yayifupi, si yofiira. Chikopa chake chikauma mumangodontheza mafuta ophikira. Nenani chilema."

A Eliya anaitembenuza, anaigwedeza pafupi ndi khutu, anatseka kabowo ndi chala n'kukankha. Mpweya unakana kuthawa. Kenako anainunkhiza.

"Ikununkha."

"Ikununkha chiyani?"

"Chitsulo."

A Custodio anakhala pa chitini, n'kuwalozera mnzawoyo china. Kwa kanthawi onse anangoyang'ana makombi akulimbirana anthu.

"Ine nkhondo itatha ndinapitako kwathu," anatero a Custodio. "Ndinapeza nyumba kulibe, khola kulibe. Mtengo wa mango wokha. Ndinakhala pansi pake, ndinadya bango limodzi losapsa bwino, mano n'kuyayamira, ndinabwerako. Koma chibwerere ndimagona tulo."

"Munapeza mtengo."

"Ndinaupeza. Inu mukuopa chiyani, achimwene?"

"Ndani akuopa? Ndikuti pampu ikununkha." A Eliya anaiika pamiyendo, n'kumaisisita. "Mukudziwa, nthawi ngati ino kwa Mandevu kumakhala kukununkhira fumbi lothiridwa madzi, akuwokera fodya. M'mawa simbi yoitanira antchito ikalira, amayi ankatuluka ndi kapu ya tiyi wopanda mkaka, n'kundisiyira theka pawindo. Kuseri kwa mabalani kunali damu, tinkawedza matemba ndi neti ya udzudzu. Lamlungu ng'oma zikalira kumanda, gule n'kutuluka m'mitengo muja, ngakhale Mandevu, mwini pulazi, ankaimitsa galimoto patali n'kumaonera. Kumeneko sindinali bwidi. Ndinali Eliya wa a Mbewe, woyang'anira moto wa m'balani yachitatu."

"Ndiye pitani."

"Tsiku lija olanda pulazi anatiuza kuti dzuwa lisatilowere tili pomwepo. Ndinamanga mapoto, bulangete, nkhuku ziwiri. Tikutuluka ndinaona mkuyu wa kumanda uli apo, pafupi ngati mabutchala awo. Ndinati ndibwera sabata yamawa ndidzatsazike." Anabweza pampu ija pa saka. "Sindinatsazike, a Custodio. Ndikakafika amayi akandifunsa kuti unali kuti, ndikati chiyani? Ndimasankha pampu?"

"Ndiye mutenga?"

"Ndiganize kaye. Chigwiriro chake chikuoneka choterera."

Sabata yachiwiri, Lachisanu, a Eliya pobwera kuntchito anapeza nsapato zonyezimira pakhomo. Mkulu wa kutchalitchi uja anali atakhala pa mpando wawo, mpando umodzi wokhawo wokhala ndi kushoni, akumwa tiyi m'kapu yawo. Kudzai anali atagwada pambali akumuphunzitsa.

"Ndinabadwa mu Epulo. Pulayimale ndinaphunzira konkuno. Akafunsa za chipsera ichi, munene kuti ndinapsa ndi phala ndili wamng'ono."

"Sunapse ndi phala," anatero a Eliya ali pakhomo. "Unagwira chitsulo cha ayironi ya makala. Ndinakunyamula ine mpaka kukiliniki, mvula ikugwa."

Mkuluyo anadzuka mwaulemu, anaomba m'manja, anafunsa za moyo. Anali munthu wabwino ndithu, ndipo chimenecho ndicho chinawawa kwambiri. Anati ntchito imeneyi waigwirapo m'mabanja atatu, onse a ana a m'mapulazi, ndipo palibe linaululika. Ananena monyadira, ngati dokotala wotchula odwala amene anachira. A Eliya anamuperekeza mpaka pamsewu, chifukwa mlendo ndi mlendo, koma pobwerera sanalowe m'nyumba. Anakhala pa njerwa panja n'kuyamba kupukuta masipoko a njinga, limodzilimodzi, ngakhale anali oyera kale.

Dzuwa likupendeka Kudzai anatuluka n'kukhala pa njerwa ina.

"Baba, kumeneko kuli chiyani kwenikweni?"

"Kuli agogo ako."

"Ndikutanthauza chooneka. Chimene munthu angaloze."

"Ukalowa pageti umasiya mabalani kumanja. Komboni ili kutsogolo. Ukaipitirira pali chulu chachikulu, kuseri kwake mkuyu, ndiye mitengo ya kumanda. Agogo ako aakazi ali mzere wachiwiri. Dzina lawo ndi Nambewe wa kwa Kachere, ankatafuna fodya, ndipo mphuno yakoyo ndi yawo. Ukanawapeza amoyo sukanasoka makushoni ndi njala. Ankabisa mbatata yootcha m'chitenje kuti apatse mwana aliyense wolira, ngakhale wa kapitawo amene ankadana naye."

Kudzai anagwira mphuno yake.

"Bodza lija likundilemera, baba. Munya sakudziwa. Ndikagona naye nyumba imodzi ndili mwana wa ku Murehwa mpaka liti? Ana anga adzati akufuna kukaona kwa agogo, ndidzawatengera kwa munthu wa kutchalitchi?" Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Tipite limodzi mawa. Ngati mandawo alipo, ndiwajambula pafoni, ndikawauza azakhaliwo zoona: kwathu ndi uku, agogo anga ndi awa. Afune asafune. Ndipo kutsogolo mukhala inu, muyankhule Chishona chanucho mpaka atope."

"Mawa? Mwana iwe, pampu..."

Kudzai analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepala lapulasitiki. Munali mapampu awiri: ya wotchi ija ndi yotuwa ija.

"Ndinadzera kwa sekuru Custodio. Akuti musankhe imodzi, inayo ndikabweze. Akuti chigwiriro achikulunga ndi mpira wa chubu, sichikutereranso. Akutinso aisambitsa ndi sopo."

A Lidia anali ataima pakhomo, manja m'chiuno. A Eliya anayang'ana akazi awo, anayang'ana mwana wawo. Anatambasula dzanja n'kutenga yotuwa.

"Ndinali nditaisankha kale," anatero. "Ndimangofuna kuona ngati mwini wake ali ndi chipiriro."

Loweruka ananyamuka kukungocha. Pafelemu anamangirira khasu, tsache ndi pampu. M'thumba la jekete a Lidia anawaikira kapepala ka ufa wothira pamanda ndi kabotolo ka fodya wa apongozi awo.

"Mukawauze kuti Lidia akadali wamwano," anatero powakonza kolala. "Akasangalala."

Anagwirizana kuti Kudzai akwere kombi, akakumane pamphambano kupitirira Norton. A Eliya anapalasa msewu wa ku Bulawayo magalimoto akuluakulu akuwapemerera mphepo. Maondo ankadandaula, koma mtima unali patsogolo pa njinga. Atadutsa mlatho wa Manyame anayamba kuimba nyimbo za kudamu zimene ankaganiza kuti anaiwala. Dzuwa lisanafike pamutu anapeza Kudzai akudikira pansi pa chikwangwani, atavala chitenje cha amayi ake.

"Kwera. Pakaliyala pomwepa unachokera, ukabwerere pomwepa."

Sanayende mtunda wautali m'fumbimo tayala lakumbuyo linayamba kukhwefuka. Munga. A Eliya anatsika, anagudubuza njinga pamthunzi, anatulutsa chubu, anapeza bowo ndi malovu, anamata chigamba. Kenako anamangirira kapaipi. Kunena zoona, kumtima kwawo kunali kamawu kakang'ono kopempha kuti pampuyo ikane. Akanatukwana a Custodio, akanabwerera kwawo ndi ulemu wawo wonse, n'kudikira chaka chamawa. Koma pampu inalibe chifundo. Inapopa bwinobwino, tayala n'kuuma ngati mwala.

"Mwasankha bwino, baba."

"Ine sindilakwitsa pa zitsulo."

Anakwera chitunda chomaliza akukankha njinga. Pamwamba pake a Eliya anafuula.

"Geti ilo! Waona? Zipilala zomwe zija! Ndinapaka laimu ine chimenechi, cha kumanzerechi!"

Zipilala ziwiri za njerwa zinalipodi, zopanda chitseko, zopanda mpanda, zitangoima m'thengo. A Eliya anazisisita ngati ng'ombe zawo. Anavula chipewa, anatseka maso dala kuti mwana aone, n'kuyenda mapazi angapo kulowa m'kati akumwetulira. Kenako anatsegula.

Kumanja kunalibe mabalani. Njerwa zake anthu anazigumula kalekale, ndipo zinkaoneka apo ndi apo m'makoma a tinyumba tobalalika patali. Kutsogolo kunalibe komboni. Kunalibe chulu. Kunalibe mtengo uliwonse wopitirira munthu kutalika. Kuchokera pamapazi awo mpaka kumene maso amalekezera kunali mizere yokhayokha, yofiira, yowongoka, mbande za fodya zitawokeredwa kumene.

"Ndi kutsogoloku," anatero. "Tiye."

Anatsamiritsa njinga pachipilala, anatenga khasu. Anayenda akudumpha mizere, Kudzai pambuyo ndi tsache. Anaima. Anayang'ana kumbuyo kumene kunali geti, anayang'ana dzuwa, anakhotera kumanzere. Anapeza chigwa chouma chomera bango n'kunena kuti damu linali apa, ndiye kuti mkuyu uli uko. Atafika uko anapeza mizere. Anati ayi, damu linali lalikulu, ayenera kuti ayambira mbali yolakwika. Anabwerera. Anawerama n'kufukula dothi ndi zala, kufuna chitsa, muzu, phale, chilichonse. Dothi linali lofewa, lolimidwa zaka zambiri, lofanana paliponse.

Thukuta linadontha kuchibwano. Anayendanso, tsopano mofulumira, milomo ikuyenda yokha: chulu, mkuyu, mzere wachiwiri. Kudzai anasiya kuwatsatira. Anaima pakati pa munda, foni m'dzanja limodzi, kapepala ka ufa kamene anamupatsa kuti agwire m'dzanja lina.

"Baba," anaitana. "Ndithire pati?"

Chapafupi mayi wina wachitsikana, mwana kumbuyo, ankathirira mbande ndi keni. Anali atawayang'ana nthawi yonseyi. A Eliya anapita kwa iye pang'onopang'ono, anaika khasu pansi, anaomba m'manja, n'kupereka moni m'Chishona chawo chija. Mayiyo anayankha mwaulemu, anati dzina lake ndi Nomatter, ndipo anafunsa ngati sekuru, kutanthauza agogo, ataya mbuzi.

"Ayi, mayi. Ndimafunsa... kuno kunali manda. A anthu a m'komboni. Panali mkuyu waukulu."

"Manda?" Mayiyo anatula keni. "Ine ndakwatiwa kuno zaka zisanu ndi chimodzi, sekuru, ndinapeza polima kale. Mitengo inatha ndi kuwotchera fodya." Anaganiza pang'ono, akugwedeza mwana. "Koma apongozi anga asanamwalire ankanena kuti zaka zoyambirira thirakitala inkafukula mbale ndi makapu. Ankati anaziunjika pamodzi n'kuzikwirira, poopa."

"Mbali iti, mayi?" Mawu a a Eliya anatuluka ang'onoang'ono. "Chonde. Ankati mbali iti?"

Mayiyo anaphimba maso ndi dzanja kuteteza dzuwa. Anakweza dzanja linalo kuti aloze. Linayambira kumadzulo, linakayikira, linayenda pang'onopang'ono pamwamba pa mizere yonse ija, mpaka linakafika kum'mawa.

"Penapake umu, sekuru."